Anyamata a ku America amene akusaina ku Ulaya: kodi timu ya dziko lawo ikupindulapo chiyani?

Mdzukulu wa Machona, Mbare

Akuluakulu ndi anzanga nonse okonda mpira wamiyendo, ndabwera ndi funso limene takhala tikukangana nalo kuno ku Mbare, mumzinda wa Harare, popanda kumvana chimodzi. M'zaka zapitazi anyamata ambiri a ku America akhala akusaina ndi matimu a ku Ulaya akadali aang'ono kwambiri. Christian Pulisic anapita ku Borussia Dortmund ali ndi zaka 16, Weston McKennie anapita ku Schalke, Tyler Adams ku RB Leipzig, ndipo tsopano tikumva za Cavan Sullivan wa ku Philadelphia Union, amene anayamba kusewera mu MLS, ligi yaikulu ya ku America, mu 2024 ali ndi zaka 14 zokha, koma zinakonzedwa kale kuti akadzakwanitsa zaka 18 adzapite ku Manchester City.

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti ngakhale mayina a matimu amene anyamatawa akusewerako ndi akuluakulu, timu ya dziko lawo sikuoneka kuti yasuntha kwenikweni. Ku chikho cha dziko lonse cha 2022 ku Qatar inathera mu ndime ya matimu 16 itagonja kwa Netherlands 3-1. Mu 2024, pa mpikisano wa Copa América umene unachitikira kwawo komweko, inalephera kutuluka m'gulu. Mu 2025 inagonja kwa Panama ndi Canada mu Nations League, kenako kwa Mexico pa masewero omaliza a Gold Cup. Ndiye ndikufunsa zinthu ziwiri. N'chifukwa chiyani anyamatawa akuthamangira kunja pamene kwawo kuli ndalama, mabwalo abwino ndi ligi imene Lionel Messi akuseweramo? Nanga kupita kunjako kukuthandizadi timu ya dziko, kapena kukungotchukitsa osewera aliyense payekha? Amene mumatsatira nkhanizi mwachidwi, tiunikireniko.

Mphunzitsi Wopuma, Highfield

Mphwanga wa ku Mbare, funso lanu loyamba silingayankhike tisanaone lamulo la FIFA lokhudza ana, chifukwa ndi limene limasankha amene apite msanga ndi amene adikire. Ndime 19 ya malamulo a kasamutsidwe ka osewera imaletsa timu kutenga mwana wa dziko lina asanakwanitse zaka 18. Pali zifukwa zochepa zimene lamuloli limalolera, monga ngati makolo asamuka pa zifukwa zosakhudzana ndi mpira, kapena ngati mwanayo ali ndi zaka za pakati pa 16 ndi 18 ndipo ali ndi unzika wa dziko la mu European Union. Lamuloli si lamasewera ayi, pakuti Barcelona inalangidwa nalo mu 2014, ndipo Chelsea inalangidwanso mu 2019.

Pulisic anakwanitsa kupita ku Dortmund ali ndi zaka 16 chifukwa chakuti agogo ake aamuna anabadwira ku Croatia, motero iye anapeza pasipoti ya dzikolo. Gio Reyna anadutsa pa khomo lomwelo ndi pasipoti ya ku Portugal pamene ankachoka ku akademe ya New York City FC kupita ku Dortmund mu 2019. Koma McKennie ndi Josh Sargent, amene analibe mwayi umenewu, anadikira mpaka atakwanitsa zaka 18, ndipo Sargent anasaina ndi Werder Bremen mu February 2018, mwezi umene anakwanitsa zakazo. Choncho tikaona mnyamata wapita msanga tisafulumire kunena kuti waposa anzake onse luso, chifukwa nthawi zina chimene wawaposa nacho ndi kumene agogo ake anabadwira. Pulisic mwiniwake analemba zimenezi mu 2017, timu yawo italephera kupita ku chikho cha dziko lonse cha ku Russia, ndipo ananena kuti zaka za pakati pa 16 ndi 18 ndi zimene zimaumba wosewera, komanso kuti pasipoti ija ndi imene inamupatsa mwayi wothera zaka zimenezo ku Dortmund.

Chifukwa chimene ambiri amayambira ku Germany n'chosavuta kuchimvetsa. Bundesliga siika malire okhwima pa osewera ochokera kunja kwa Ulaya, ndipo matimu ngati Dortmund ndi Leipzig anazolowera kugula anyamata motchipa, kuwapatsa mpata wosewera, n'kudzawagulitsa pa mtengo wokwera. Dortmund inagulitsa Pulisic ku Chelsea mu January 2019 pa mapaundi 58 miliyoni. Ku England khomo ndi lopanikiza, chifukwa kumafunika chilolezo chogwirira ntchito, ndipo chichokereni dzikolo mu European Union matimu ake sangatengenso mwana wakunja wosakwana zaka 18. N'chifukwa chake Sullivan akudikirira ku Philadelphia.

Mwafunsa kuti akuthawa chiyani kwawo. Ine ndikuona kuti sakuthawa umphawi monga mmene anyamata athu amachitira akamapita ku Johannesburg, koma akufunafuna mpikisano woopsa umene kwawo kulibe. Mu MLS timu siituluka mu ligi ngakhale itathera pansi penipeni, pamene ku Ulaya mnyamata wa zaka 19 amalimbirana malo ndi bambo wa ana atatu amene akudziwa kuti timu ikatsika malipiro ake adulidwa. Kale njira ya wosewera wa ku America inali yodzera ku koleji, kumene nyengo ya mpira ndi ya miyezi yowerengeka, ndipo ankayamba mpira wolipidwa ali ndi zaka 22, msinkhu umene mnzake wa ku France amakhala atasewera kale nyengo zinayi. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo anyamatawa azindikira zimenezi.

Matimu a MLS nawonso anasintha maganizo. Pamene McKennie ankachoka ku akademe ya FC Dallas mu 2016, timuyo sinalandire kalikonse, ngakhale inamulera kwa zaka zambiri. Kuyambira mu 2019 ligiyi inayamba kutsatira dongosolo la FIFA lolipira matimu amene anaphunzitsa wosewera, ndipo lero matimu ngati Dallas ndi Philadelphia amasainitsa anyamata awo msanga n'cholinga chodzawagulitsa. Brenden Aaronson anachoka ku Philadelphia kupita ku Salzburg mu 2021 mwa njira imeneyi.

Pa funso lachiwiri, ine ndikuti kupita kunja kwathandiza, ndipo umboni wanga ndi masewero a America ndi Iran ku Qatar, amene kuno tinawaonera 9 koloko usiku. Osewera onse 11 amene anayamba tsiku limenelo anali a matimu a ku Ulaya. Chigoli chimene chinawapititsa mu ndime yotsatira chinayamba ndi McKennie wa ku Juventus, amene anaponya mpira wautali kumanja, Sergiño Dest amene panthawiyo anali ku AC Milan anaubweza ndi mutu pakati, ndipo Pulisic wa ku Chelsea anaulowetsa akuwombana ndi goloboyi mpaka anakathera kuchipatala. Masiku anayi m'mbuyo mwake anali atafanana mphamvu ndi England 0-0, ndipo pakati pa bwalo Adams, McKennie ndi Yunus Musah sanaoneke ngati ana ophunzira. Kumbukirani kuti zaka zisanu zokha zimenezi zisanachitike, timu yomweyi inagonja kwa Trinidad and Tobago 2-1 n'kulephera kupita ku chikho cha dziko lonse.

Goloboyi Wakale, Dzivarasekwa

Aphunzitsi, za malamulo mwafotokoza bwino ndipo sindiwonjezerapo kanthu, koma pa mfundo yanu yomaliza ndiloleni ndikutsutseni mwaulemu. Mwatchula anyamata amene zinawayendera, koma simunatchule amene anasaina, n'kujambulitsa atanyamula jezi, kenako n'kukakhala pabenchi zaka zimene akanayenera kukhala akusewera.

Ndiyambe ndi agoloboyi, poti ndi malo amene ndinkasewera. Kale America inkadziwika ndi agoloboyi, monga Brad Friedel, Kasey Keller ndi Tim Howard, amene sabata ndi sabata ankaima pagolo mu Premier League. Amene anabwera pambuyo pawo anasankha mayina a matimu m'malo mwa mpata wosewera. Zack Steffen anachoka ku Columbus Crew kupita ku Manchester City mu 2019, kumene anakakhala wachiwiri kwa Ederson, akumangosewera masewero a zikho mwa apo ndi apo. Amene munaonera semifainolo ya FA Cup ya 2022 pa Wembley mukukumbukira zimene zinachitika. Mnzake anamubwezera mpira wosavuta, iye anauimitsa n'kuyamba kuganiza koti auponye, ndipo Sadio Mané wa ku Liverpool anafika chotsetsereka n'kuulowetsa mu ukonde kuchokera kuphazi kwake. Ameneyo sanali goloboyi wopanda luso ayi, koma munthu amene maso ndi miyendo zinali zitazolowera liwiro la pokonzekera m'malo mwa liwiro la masewero enieni. Kumapeto kwa chaka chomwecho dzina lake silinapezeke pa mndandanda wa opita ku Qatar. Matt Turner anachitanso chimodzimodzi popita ku Arsenal mu 2022, ndipo Gabriel Slonina, amene anali atayamba kale kudaliridwa ku Chicago Fire ali wachichepere, anagulidwa ndi Chelsea n'kumangotumizidwa uku ndi uku pangongole.

Matt Miazga anasaina ndi Chelsea mu January 2016, anasewera mu ligi kawiri kokha, kenako anayendayenda pangongole ku Vitesse, Nantes, Reading, Anderlecht ndi Alavés mpaka anabwerera kwawo ku FC Cincinnati mu 2022. Reyna, amene ambiri ankati luso lake likuposa la anzake onse, wathera nthawi yaitali akuvutika ndi kuvulala ndiponso benchi, ndipo ngakhale ngongole yake ku Nottingham Forest mu 2024 sinamupatse mpata.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Ricardo Pepi, chifukwa ikufanana ndi ya munthu amene tonse kuno timamudziwa. Pepi ankamwetsa zigoli ku FC Dallas ndi ku timu ya dziko, ndipo Augsburg inamugula mu January 2022 pa ndalama pafupifupi madola 20 miliyoni ali ndi zaka 18. Kumeneko anapeza timu yolimbana ndi kutuluka mu ligi, imene inkathera nthawi yambiri ikutchinga kumbuyo, ndipo sanagoletseko ngakhale kamodzi. Pamene zigoli zinkayamba kubwerera ku Groningen, mphunzitsi wa timu ya dziko Gregg Berhalter anali atapanga kale maganizo ena, ndipo mnyamata amene anathandiza kuti timu ipeze malo ku Qatar anaonera mpikisanowo pa kanema. Knowledge Musona wathu, amene anakulira ku Aces Youth Academy kuno ku Harare, anachoka ku Kaizer Chiefs kupita ku Hoffenheim mu 2011, anapitanso ku Augsburg komweko pangongole, ndipo zigoli zinamuuma ku Germany mpaka anadzapezanso phazi lake atabwerera ku Kaizer Chiefs pangongole, kenako ku Oostende m'dziko la Belgium. Onse awiri anatsitsimukira mu ligi yocheperako, ndipo Pepi anadzafika ku PSV kudzera njira imeneyo. Marvelous Nakamba anayenda mwadongosolo, kuchokera ku Nancy kupita ku Vitesse, kenako Club Brugge, asanafike ku Aston Villa, ndipo pofika kumeneko anali atakhwima.

Ndikukumbutseninso kuti America inafika patali kwambiri m'nthawi yathu ino mu 2002, pamene inagonjetsa Portugal 3-2 ndi Mexico 2-0, n'kudzagonja kwa Germany 1-0 mu kotafainolo, pa masewero amene Torsten Frings anatchinga mpira ndi dzanja pamzere koma woyimbira sanapereke penate. Timu imeneyo inali yosakaniza. Claudio Reyna, Friedel ndi John O'Brien ankasewera ku Ulaya, koma Landon Donovan, Brian McBride, DaMarcus Beasley ndi Eddie Pope anali a mu MLS. Donovan anali atapitako ku Bayer Leverkusen ali wamng'ono, sanapeze mpata, anabwerera kwawo mu 2001, ndipo anadzamaliza ndi zigoli 57 ku timu ya dziko, zimene ndi Clint Dempsey yekha anafanana naye. Mbadwo uno umene ukutamandidwa kwambiri sunafikebe pamene anafika akulu awowo.

NaPhiri, Mufakose

Abambo, ndingoikapo mfundo ziwiri zimene sindinazione m'mayankho anu. Yoyamba ndi yakuti timu ya amayi ya dziko lomweli yatenga chikho cha dziko lonse kanayi, ndipo osewera ake ambiri akhala akusewera kwawo komweko, chifukwa ligi yawo ndi imodzi mwa zolimba kwambiri, moti Temwa Chawinga wathu anachita kupita kumeneko, ku Kansas City Current, kumene anamwetsa zigoli 20 mu 2024 n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Zimenezi zikundisonyeza kuti nkhani si Ulaya kwenikweni, koma kumene kuli mpikisano wolimba, ndipo kwa amuna mpikisano umenewo uli ku Ulaya. Ngakhale amayiwo ayamba kupitako tsopano pamene matimu akumeneko ayamba kuikapo ndalama, monga Naomi Girma amene anapita ku Chelsea mu 2025.

Yachiwiri ndi yakuti ku America mpira wa ana ndi wolipira. Kupatula ma akademe a matimu a MLS, amene ambiri mwa iwo ndi aulere, makolo amatulutsa madola masauzande pachaka kuti mwana asewere m'timu yabwino ndi kuyenda nayo maulendo. Kuno ku Mufakose, kumene Khama Billiat anakulira, mwana amatulukira pa bwalo lafumbi Loweruka m'mawa atavala nsapato zobwereka, ndipo wina amamuona. Kumeneko mwana wa munthu wosauka akhoza kukula osaonedwa ndi aliyense, choncho amene akupita ku Ulayawo asefedwa kale ndi thumba la makolo asanasefedwe ndi luso.

Mdzukulu wa Machona, Mbare

Zikomo aphunzitsi, achimwene a ku Dzivarasekwa ndi inu mayi NaPhiri. Mfundo ya pasipoti yandibweretsera funso lina limene likukhudza banja lathu. Mlongo wanga anasamukira ku Texas ndi banja lake, ndipo mwana wake wamwamuna wa zaka 15 akusewera mu akademe ina kumeneko. Mwanayo anabadwira kuno ku Harare, ndipo agogo ake, amene ndi bambo athu, anabadwira ku Dedza asanabwere kudzagwira ntchito kuno. Bambo ake a mwanayu akuumirira kuti akangokwanitsa zaka 18 apite ku Ulaya ngakhale ku timu yaing'ono, pamene mayi ake akufuna kuti ayambe wapita ku koleji pa sikolashipu ya mpira. Ine monga malume andifunsa maganizo, ndipo mukudziwa kuti kwathu mawu a malume sapita pachabe, choncho sindikufuna kuyankha mwachisawawa. Kodi mwana wotere, zitati zamuyendera, angasewerere dziko liti? Nanga akavomera kuitanidwa ku timu ya achinyamata ya dziko limodzi, ndiye kuti watseka makomo enawo?

Mphunzitsi Wopuma, Highfield

Mphwanga, chinthu choyamba chimene FIFA imafuna ndi unzika wa dzikolo, ndipo kwa munthu amene wapeza unzika watsopano imafunanso chimodzi mwa izi: kuti iye, kholo lake kapena gogo wake anabadwira m'dzikolo, kapena kuti wakhalamo zaka zokwanira, zimene kwa amene anafika atapitirira zaka 10 zimakhala zisanu. Mphwanuyo angasewerere Zimbabwe chifukwa anabadwira kuno. Angasewererenso Malawi kudzera mwa agogo ake a ku Dedza ngati atapeza unzika, ndipo Malawi tsopano imalola unzika wa mayiko awiri. Ku America chiphaso chokhalira m'dzikolo sichikwanira, pamafunika unzika weniweni. Darlington Nagbe, amene anabadwira ku Liberia n'kukulira ku America, anadikira mpaka atalandira unzika mu 2015 kuti aitanidwe, ngakhale kuti anali atadziwika kale mu MLS.

Masewero a timu za achinyamata samanga munthu kotheratu, chifukwa wosewera amaloledwa kusintha dziko kamodzi, ngakhale kawirikawiri pamafunika kuti anali kale ndi unzika wa dziko linalo pamene ankasewerera loyambalo pa mpikisano. Malamulo a 2020 anafewetsanso zinthu, moti ngakhale amene wasewerapo timu yaikulu angasinthe, ngati sanapitirire masewero atatu, anali asanakwanitse zaka 21, sanasewere pa ndime yomaliza ya mpikisano waukulu, ndipo padutsa zaka zitatu.

America yapindula kwambiri ndi malamulo amenewa, ndipo apa ndi pamene ndikuvomereza kuti mawu akuti "anyamata a ku America amene apita kunja" amaphimba magulu awiri osiyana. Ena mwa osewera odalirika sanapite kunja konse, koma anakulira komweko. Dest anabadwira ku Netherlands n'kuphunzira mpira ku Ajax. Antonee Robinson anabadwira ku England, ndipo Malik Tillman ku Germany. Musah anabadwira ku New York kwa makolo a ku Ghana, koma anakulira ku Italy ndi ku England, ndipo anasewerera timu za achinyamata za England. Folarin Balogun nayenso anabadwira ku New York, anakulira ku London mu akademe ya Arsenal, ndipo anasankha America mu May 2023 pa nyengo imene anamwetsa zigoli 21 ku Reims, akusewera limodzi ndi Marshall Munetsi wathu wa ku Mabvuku. Ndi zofanana ndi mmene ma Warriors, timu ya dziko la Zimbabwe, anapezera Jordan Zemura, wobadwira ku London. Koma khomo lomweli limatulutsanso anthu. Giuseppe Rossi wobadwira ku New Jersey anasankha Italy ndipo anagoletsa America zigoli ziwiri ku Pretoria mu 2009, pamene posachedwapa Obed Vargas wobadwira ku Alaska wasankha Mexico, ndipo Esmir Bajraktarević wobadwira ku Wisconsin wasankha Bosnia.

Pa mkangano wa makolowo, popeza mwanayo alibe pasipoti ya ku Ulaya, palibe chimene chingachitike asanakwanitse zaka 18, ndipo aliyense wobwera ndi lonjezo lomupititsa msanga, makamaka ngati akufuna ndalama patsogolo, akanidwe. Ma ejenti oona ali ndi laisensi ya FIFA imene munthu angathe kuitsimikiza. Muwakumbutsenso nkhani ya Freddy Adu, wobadwira ku Ghana, amene anayamba kusewera ku D.C. United mu 2004 ali ndi zaka 14 dziko lonse likumuimbira m'manja, anapita ku Benfica mu 2007, kenako anayendayenda m'matimu oposa khumi osakhazikika paliponse. Njira ya koleji si yonyozeka, pakuti Dempsey anadzera kumeneko n'kudzafika ku Fulham ali ndi zaka 23, ngakhale ndiyenera kunena mosabisa kuti masiku ano ndi ochepa mwa osewera apamwamba amene amadutsa njira imeneyo. Chimene chingakuuzeni zoona ndi chakuti pofika zaka 17, kodi akademe yakeyo yamupatsa kontirakiti kapena ayi. Ngati timu imene imamuona tsiku ndi tsiku sinafune kumusainitsa, maganizo a mayi akewo ndi amene ali olemera.

Malume a ku Epworth

Ndabwera mochedwa chifukwa cha magetsi, koma ndawerenga zonse, ndipo ndikufuna kubwerera ku funso la tsogolo la timu ya dziko, chifukwa ndikuona kuti aphunzitsi ndi achimwene a ku Dzivarasekwa akuyeza zinthu ziwiri zosiyana. Aphunzitsi akuyerekeza timu ya lero ndi imene inagonja ku Trinidad, pamene achimwene akuiyerekeza ndi matimu amene amafika mu ndime zomaliza.

Masewero a Netherlands aja ndi amene amasonyeza pamene pali malire. Pa mphindi zoyambirira Pulisic anatsala yekha ndi goloboyi Andries Noppert koma anamumenyetsa mpira. Louis van Gaal, mphunzitsi wa Netherlands panthawiyo, anawasiyira mpira dala kuti azipatsirana kumbuyo, n'kutseka osewera awo apakati, ndipo zigoli ziwiri zoyambirira, cha Memphis Depay ndi cha Daley Blind, zinalowa mofanana ndendende: Denzel Dumfries akuthamanga kumanja, akubweza mpira chapansi kumbuyo, ndipo womenya akufika popanda womutsatira. Chachitatu Dumfries anagoletsa yekha ataima pamalo poyera atakweza dzanja kupempha mpira. Kulakwitsa kamodzi n'kwa aliyense, koma kulakwitsa chinthu chimodzi katatu pa masewero aakulu chotere kukusonyeza osewera amene sanazolowere kukhala iwo osenza timu. Ndipo ndi mmene zilili, chifukwa ambiri mwa anyamatawa ali m'matimu abwino koma ndi othandizira, osati amene mphunzitsi amamangirapo timu. Pulisic anatenga Champions League ndi Chelsea mu 2021, koma pa fainolo anachokera pabenchi, ndipo ndi ku AC Milan, kuyambira mu 2023, kumene wakhala munthu amene timu imamuyang'anira ikapanikizika. Chris Richards anachoka ku Bayern Munich kupita ku Crystal Palace mu 2022, kumene ambiri anati watsika, koma ndi kumeneko kumene anakhwima mpaka kutenga FA Cup mu 2025.

Palinso vuto limene sitinalitchule, lakuti timuyi imasewera kwambiri ndi oyandikana nawo a m'bungwe la CONCACAF, la mayiko a kumpoto ndi pakati pa America ndi zilumba za Caribbean. Chiyambireni Nations League ku Ulaya, mpata wokumana ndi matimu amphamvu akumeneko unachepa, ndipo popeza America ndi mmodzi mwa olandira chikho cha 2026 pamodzi ndi Mexico ndi Canada, sinasewere masewero odzipezera malo, amene ndi amene amalimbitsa timu mtima. Osewera amauluka kuchokera ku Milan, Eindhoven ndi London, amakumana masiku ochepa, n'kubwerera. Ku Copa América, Tim Weah anapatsidwa khadi lofiira masewero a Panama atangoyamba kumene chifukwa chomenya wosewera wa Panama, ndipo kupsa mtima kumeneko ndi kumene kunayamba kugwetsa timu mpaka Berhalter anachotsedwa ntchito.

Mauricio Pochettino, amene analembedwa kukhala mphunzitsi wa timuyi mu September 2024, akuoneka kuti anaona kuti ena anayamba kutenga malo awo ngati cholowa. Pa Gold Cup ya 2025, pamene Pulisic anapempha kupuma ndipo ena anali ndi matimu awo, anadalira anyamata ambiri a mu MLS, ndipo Diego Luna wa ku Real Salt Lake anamwetsa zigoli zonse ziwiri pogonjetsa Guatemala mu semifainolo, pamene Matt Freese wa ku New York City FC anatenga malo apagolo. Kwa mnyamata amene akuganiza zosaina kunja, izi zikutanthauza kuti jezi ya timu yotchuka siikutsimikiziranso kuitanidwa monga kale.

Kwa ine, kutsogolo ndi pakati timuyi ili ndi anthu okwanira kuvutitsa aliyense pa tsiku labwino, makamaka Adams akakhala wosavulala. Nkhawa yanga ili kumbuyo, pakuti dziko limene latumiza anyamata ambiri chonchi ku Ulaya linkadalirabe Tim Ream, wobadwa mu 1987, kuti atsogolere otchinga kumbuyo mu 2025. Achimwene a ku Dzivarasekwa, poti inu ndinu mwini malo apagolo, tiuzeni ngati mukuona kuti Freese angaime pamaso pa Brazil kapena France, chifukwa ine ndamuona pa masewero a Gold Cup okha.